Mmene makhonsolo a ku England ndi Wales amaunikiranso ndi kulanda laisensi ya sitolo

Ku England ndi Wales, sitolo iliyonse yogulitsa mowa imafunika kukhala ndi laisensi ya malo ogulitsirapo, imene imaperekedwa ndi khonsolo ya m'deralo. Kawirikawiri laisensi imeneyi ilibe tsiku lothera, koma khonsolo imene inaipereka ili ndi mphamvu yoiunikanso nthawi iliyonse dandaulo likafika. Ikapeza kuti malonda a pamalopo akuika anthu pangozi, ikhoza kuilanda ngakhale mwini sitolo asanapezeke wolakwa ku bwalo lililonse la milandu.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa eni masitolo ang'onoang'ono a m'misewu yokhalamo anthu, amene ambiri mwa iwo ndi mabanja ogwira okha nchito kuyambira m'mamawa mpaka usiku. Wogula mowa amagulanso buledi, mkaka ndi zina, conco sitolo ikalandidwa laisensi imataya ndi makasitomala omwe. Kumbali ina kuli makolo, anthu oyandikana ndi sitoloyo ndi amalonda anzawo otsata malamulo, amene amavutika pamene sitolo imodzi igulitsa mowa kwa ana kapena kudzaza mashelefu ndi katundu wozembetsedwa.

Lamulo la 2003

Nchito yonseyi imayenda motsatira lamulo lochedwa Licensing Act 2003, limene linavomerezedwa pa 10 Julayi 2003 ndi kuyamba kugwira nchito mokwanira pa 24 Novembala 2005. Lamuloli lisanabwere, malaisensi a mowa anali m'manja mwa majisitireti. Mphamvuzo zinasamutsidwira ku makhonsolo poganiza kuti makhansala osankhidwa ndi anthu ndiwo adziwa bwino mavuto a m'madera awo. Scotland ili ndi lamulo lakelake la 2005, ndipo Northern Ireland nayo ili ndi dongosolo lake losiyana.

Lamuloli limasiyanitsa malaisensi awiri. Yoyamba ndi ya malo. Imachula malonda ololedwa pamalopo, maola ogulitsira, mapu a nyumbayo ndi mfundo zimene mwini wake ayenera kutsata. Yaciwiri ndi ya munthu payekha, imene imaperekedwa kwa munthu wa zaka 18 kapena kuposa, amene wapambana mayeso a za malamulo a mowa ndipo mbiri yake ya milandu yafufuzidwa. Laisensi ya malo ogulitsa mowa iyenera kuchula dzina la woyang'anira mmodzi amene ali ndi laisensi ya munthu payekha. Ngati woyang'anira wotere palibe, mowa sugulitsidwa.

Kupatula mowa, laisensi ya malo imakhudzanso zosangalatsa zina ndi kugulitsa zakudya kapena zakumwa zotentha pakati pa 23:00 ndi 05:00 koloko. Fodya sali m'gulu la malonda a lamulo la 2003, koma sitolo yopezeka ndi fodya wozembetsedwa ikhoza kutaya laisensi yake ya mowa, pa cifukwa cimene cafotokozedwa m'munsimu.

Zolinga zinayi

Cigamulo ciliconse ca khonsolo pa za malaisensi ciyenera kuima pa zolinga zinayi zimene lamulo linaika. Zolingazo ndi kupewa umbanda ndi cisokonezo, citetezo ca anthu, kupewa zosowetsa anthu mtendere, ndi kuteteza ana ku zoipa. Zonse zinayi ndi zofanana kulemera. Lamulo la ku Scotland linaonjezera cacisanu, cokhudza umoyo wa anthu, koma ku England ndi Wales cimeneco mulibe.

Dandaulo losakhudza cimodzi mwa zinayizi silimveka. Wamalonda wodandaula kuti mnzake wamulanda makasitomala, kapena munthu wongodana ndi mowa, alibe poimira. Fodya wozembetsedwa amalowa m'nkhaniyi kudzera pa colinga coyamba: kusunga katundu wosalipiridwa msonkho ndi mlandu, ndipo malo amene pacitikira milandu sakuthandiza kupewa umbanda.

Pogamula, khonsolo imayang'ananso malangizo amene unduna wa Home Office umatulutsa pansi pa gawo 182 la lamuloli, pamodzi ndi mfundo zake za malaisensi, zimene imayenera kuzilembanso zaka 5 zilizonse. Ikhoza kupatuka pa malangizowo, koma iyenera kupereka zifukwa zomveka.

Amene angapemphe kuti laisensi iunikidwenso

Gawo 51 la lamuloli limalola magulu awiri kupereka pempho. Gulu loyamba ndi la nthambi za boma zimene lamulo linazichula: apolisi, ozimitsa moto, oona za ukhondo ndi phokoso, oona za citetezo pa nchito, oona za mapulani a mizinda, oteteza ana, ndi a Trading Standards, amene amaona za miyeso ndi kuona mtima pa malonda. Mu 2012 panaonjezedwa akuluakulu a zaumoyo ndi khonsolo yeniyeniyo, ndipo mu Epulo 2017 panaonjezedwa nthambi ya Home Office yoona za olowa ndi kutuluka m'dziko.

Gulu laciwiri ndi la munthu wina aliyense. Poyamba, wodandaula anayenera kukhala kapena kucita malonda pafupi ndi malowo, koma lamulo la Police Reform and Social Responsibility Act 2011 linacotsa malire amenewo kuyambira mu Epulo 2012. Khonsolo ili ndi ufulu wokana pempho la munthu wamba ngati ndi lopanda pake, longofuna kuvutitsa wina, kapena lobwereza nkhani imene inagamulidwa kale posacedwa. Malangizo a Home Office amanena kuti pempho lacibwereza pa zifukwa zofanana lisaloledwe miyezi 12 isanathe, pokhapokha patakhala cifukwa camphamvu.

Nthawi zambiri nthambi za boma sizithamangira ku komiti. Zimayamba ndi kucezera sitolo, kulemba kalata yocenjeza, kapena kugwirizana ndi mwini wake zoyenera kukonza. Makalata amenewa ndiwo amadzakhala umboni wolemera pambuyo pake, cifukwa amaonetsa kuti mwini sitolo anauzidwa koma sanasinthe.

Milandu imene imafikitsa masitolo ku komiti

Mlandu woyamba ndi wogulitsa mowa kwa ana osakwanitsa zaka 18. Apolisi ndi a Trading Standards amatuma acinyamata odzipereka kukayesa kugula mowa, wa boma ali pafupi kuona zimene zicitike. Kuyambira mu Okutobala 2010, malo alionse ogulitsa mowa ayenera kukhala ndi ndondomeko yotsimikizira zaka za ogula, ndipo masitolo ambiri amatsata njira ya Challenge 25, yofunsa ciphaso kwa aliyense wooneka wosakwanitsa zaka 25. Kugulitsa kwa ana kawiri m'miyezi 3 pamalo amodzi ndi mlandu wapadera, ndipo kuyambira mu 2015 faindi yake ilibe malire.

Waciwiri ndi wa mowa ndi fodya wozembetsedwa kapena wacinyengo. Katundu wotere amabisidwa m'makoma, pansi pa simenti, m'denga kapena m'galimoto yoimikidwa kunja, ndipo ofufuza amagwiritsa nchito agalu onunkhiza kuti amupeze. Kuyambira mu Epulo 2017, mwini sitolo ayenera kutsimikiza kuti amene amamupikulitsa mowa ndi wovomerezedwa ndi bungwe lotolera misonkho la HMRC. Conco kunena kuti mowa unagulidwa kwa munthu wina wobwera ndi galimoto, popanda malisiti, sikupulumutsa munthu. Mu 2021, HMRC ndi National Trading Standards anayamba nchito yolimbana ndi fodya wozembetsedwa yochedwa Operation CeCe, ndipo pa 1 Juni 2025 fodya wamagetsi wosuta kamodzi n'kutaya analetsedwa m'dziko lonse la United Kingdom.

Wacitatu ndi wolemba nchito munthu amene alibe cilolezo cogwira nchito m'dzikolo. Kuyambira mu Febuluwale 2024, faindi yake imafika mapaundi 45,000 pa wanchito mmodzi kwa wolakwa koyamba, ndi mapaundi 60,000 kwa wobwereza. Faindi imeneyi ndi yosiyana ndi nkhani ya laisensi, kotero kuti sitolo ikhoza kulipira ndi kulandidwanso laisensi pa mlandu umodzi womwewo.

Palinso kuswa mfundo zolembedwa pa laisensi, monga makamera a CCTV osagwira nchito, buku lolembamo anthu okanizidwa kugula limene lili lopanda kanthu, kugulitsa maola atatha, ndi kugulitsa kwa munthu woledzera kale.

Malangizo a Home Office amachula milandu ina yoyenera kuonedwa mwamphamvu kwambiri. M'gulu limeneli muli kugulitsa mankhwala osokoneza bongo, mfuti zosaloledwa, kugula ndi kumwa mowa kwa ana, kusunga kapena kugulitsa mowa ndi fodya wozembetsedwa, ndi kulemba nchito anthu opanda cilolezo. Pa milandu yotere, malangizowo amauza makhonsolo kuti aganizire mozama zolanda laisensi ngakhale ndi ulendo woyamba.

Ndondomeko ndi masiku ake

Wopempha amalemba fomu, kufotokoza zifukwa zake, ndi kutumiza makope kwa mwini laisensi ndi kwa nthambi zonse za boma zokhudzidwa. Khonsolo imakhoma cidziwitso pa sitolo kapena pafupi nayo, pamalo amene odutsa angawerenge, ndi cina ku maofesi ake ndi pa intaneti. Cidziwitsoco cimakhala masiku 28 otsatizana. M'masiku amenewa aliyense akhoza kulemba maganizo ake, kaya otsutsa sitoloyo kapena oikhalira kumbuyo.

Masiku 28 akatha, nkhani iyenera kumvedwa pasanathe masiku 20 ogwira nchito. Khonsolo iliyonse ili ndi komiti ya malaisensi ya makhansala 10 mpaka 15, koma nkhani imodzi imamvedwa ndi kakomiti ka makhansala atatu, mothandizidwa ndi loya wa khonsolo. Nthawi yonseyi sitolo imapitiriza kugulitsa mowa monga kale.

Msonkhano umacitika poyera, pokhapokha komiti itaona kuti pali zifukwa zocotsera anthu, monga umboni wa apolisi wokhudza kafukufuku amene ali mkati. Si bwalo la milandu: mboni sizilumbira, mbali zonse zimapatsidwa nthawi yofanana, ndipo kupanikizana ndi mafunso kumacitika kokha ngati komiti yalola. Umboni watsopano wobwera pa tsikulo umalandiridwa ngati mbali zonse zavomera. Mwini laisensi akhoza kubwera ndi loya kapena womuimira wina aliyense, ndipo akapanda kufika nkhani ikhoza kumvedwa iye kulibe. Komiti sifuna umboni wocotsa cikaiko conse monga pa mlandu wa upandu. Imangoyesa mbali imene ikuoneka yoona kuposa inzake. Cigamulo cimaperekedwa pasanathe masiku 5 ogwira nchito, pamodzi ndi zifukwa zake.

Zimene komiti ingagamule

Gawo 52 limapatsa komiti njira zisanu. Ikhoza kusintha kapena kuonjezera mfundo za pa laisensi, monga kufupikitsa maola, kuletsa kugulitsa mowa waukali wa m'zitini, kapena kulamula kuti malisiti azisungidwa pamalopo. Ikhoza kucotsa mtundu umodzi wa malonda pa laisensi. Ikhoza kucotsa woyang'anira wolembedwa pa laisensi. Ikhoza kuimitsa laisensi kwa nthawi yosapitirira miyezi 3. Comaliza, ikhoza kuilanda. Komiti ilinso ndi ufulu wosacita kanthu kapena wongopereka cenjezo.

Kufikira mu 2012, komiti inayenera kuonetsa kuti cigamulo cake cinali cofunika ndithu. Kuyambira caka cimeneco lamulo limangofuna kuti cikhale coyenera, zimene zinapatsa makhonsolo mpata wokulirapo. Komabe cigamulo ciyenera kulingana ndi kukula kwa vuto, ndipo ciyenera kulunjika pa gwero lake. Ngati vuto ndi woyang'anira wosasamala, kumucotsa kungakwanire. Ngati mwini sitolo ndiye mwini cinyengo, kusintha woyang'anira kumakhala kungophimba maso.

Funso limene makhansala amadzifunsa si lakuti wolakwa ndani, pakuti imeneyo ndi nchito ya mabwalo a milandu. Iwo amafunsa ngati anthu amene akuyendetsa malowo angakhulupiriridwe kutsogoloku. Ndi cifukwa cake kulephera kuonetsa malisiti, kusintha mawu pamaso pa komiti, kapena kubwereza colakwa pambuyo pa cenjezo kumalemera kuposa kuculuka kwa katundu amene anagwidwa. Eni masitolo ena amasamutsira laisensi kwa wacibale tsiku la msonkhano lisanafike, koma kuunikako kumatsata malo, osati dzina, ndipo komiti imafufuza ngati mwini watsopanoyo ndi watsopanodi.

Zigamulo za mabwalo akuluakulu

Milandu ingapo inaunikira mmene mphamvuzi ziyenera kugwiritsidwira nchito. Mu 2008, bwalo lalikulu linamva nkhani ya khonsolo ya Bassetlaw, m'cigawo ca Nottinghamshire, yokhudza sitolo imene inagulitsa mowa kwa ana otumidwa kukayesa. Khonsolo inaimitsa laisensi kwa mwezi umodzi, koma woweruza wa ku Worksop anacotsa cigamuloco ponena kuti colinga ca lamulo si kulanga. Bwalo lalikulu linapeza kuti woweruzayo analakwitsa. Linanena kuti pamene pacitika mlandu, komiti ikhoza kuganizira zopereka phunziro kuti colakwaco cisabwerezedwe.

Mu 2016, bwalo lomwelo linagamula nkhani ya khonsolo ya East Lindsey, m'cigawo ca Lincolnshire, imene inalanda laisensi ya malo odyera atapezeka ndi wanchito wopanda cilolezo cogwira nchito. Bwalo laling'ono linali litabweza laisensiyo poona kuti mwini malowo sanazengedwe mlandu wa upandu. Bwalo lalikulu linatsutsa maganizo amenewo. Linanena kuti colinga copewa umbanda cimayang'ana kutsogolo, conco khonsolo siyenera kudikira kuti munthu apezeke wolakwa isanacitepo kanthu.

Njira yacangu

Pali nthawi zina pamene kudikira milungu ingapo kungaike miyoyo pangozi. Lamulo la Violent Crime Reduction Act 2006 linabweretsa njira yacangu, imene inayamba mu Okutobala 2007. Mkulu wa apolisi wa udindo wa supulintendenti kapena woposerapo akasaina cikalata cotsimikiza kuti malo ogulitsa mowa akukhudzidwa ndi umbanda waukulu kapena cisokonezo cacikulu, khonsolo iyenera kuganizira zocita mwamsanga pasanathe maola 48. Ikhoza kuimitsa laisensi nthawi yomweyo, ndipo nkhani yonse iyenera kumvedwa pasanathe masiku 28.

Citsanzo codziwika ndi ca malo ovinira a Fabric ku London. Khonsolo ya Islington inalanda laisensi yake mu Sepitembala 2016, anyamata awiri a zaka 18 atamwalira cifukwa ca mankhwala osokoneza bongo. Eni malowo anacita apilo, mbali ziwiri zinagwirizana mfundo zatsopano zokhwima, ndipo malowo anatsegulidwanso mu Januwale 2017.

Kucita apilo

Wosakhutira ndi cigamulo, kaya ndi mwini laisensi, wopempha, kapena aliyense amene analemba maganizo ake, akhoza kucita apilo ku bwalo la majisitireti pasanathe masiku 21 kucokera pamene wadziwitsidwa. Pa kuunika kwa nthawi zonse, cigamulo siciyamba kugwira nchito mpaka masiku amenewa atatha, kapena mpaka apilo itagamulidwa. Izi zitanthauza kuti sitolo yolandidwa laisensi ikhoza kupitiriza kugulitsa mowa kwa miyezi ingapo ikudikira tsiku la ku bwalo, cinthu cimene cimadandaulitsa apolisi ndi anthu okhala pafupi.

Bwalo limamvanso nkhani yonse, kuphatikizapo zimene zacitika kucokera tsiku la komiti. Sitolo imene yakonza zinthu imapindula, ndipo imene yagwidwanso ndi katundu wozembetsedwa imadzikulitsira mlandu. Mu 2011, pa nkhani ya kampani ya Hope and Glory ndi khonsolo ya Westminster, bwalo la apilo linatsimikiza kuti wocita apilo ndiye ayenera kuonetsa kuti cigamulo ca khonsolo ndi colakwika, ndi kuti majisitireti ayenera kulemekeza zifukwa zimene makhansala anapereka. Majisitireti akhoza kukana apilo, kusintha cigamulo, kapena kubweza nkhani ku khonsolo. Wogonja akhoza kulamulidwa kulipira ndalama zimene mnzake waononga pa mlanduwo.

Laisensi ikalandidwa

Kulandidwa laisensi sikutseka sitolo. Ikhoza kupitiriza kugulitsa zakudya, nyuzipepala ndi katundu wina, koma mowa uyenera kucoka pa mashelefu. Kugulitsa mowa popanda laisensi ndi mlandu umene cilango cake cingafike miyezi 6 m'ndende, faindi yopanda malire, kapena zonse ziwiri. Kutseka nyumba yeniyeniyo kumafuna lamulo lina: lamulo la Anti-social Behaviour, Crime and Policing Act 2014 linapatsa majisitireti mphamvu yotseka malo kwa miyezi 3 apolisi kapena khonsolo akapempha, ndi yoonjezera nthawiyo pambuyo pake.

Palibe coletsa kupempha laisensi yatsopano pamalo omwewo. Koma pempholo limalengezedwanso masiku 28, ndipo apolisi ndi a Trading Standards amaliyang'anitsitsa. Wopempha amayenera kuonetsa kuti sakungobwereka dzina kwa mwini wakale, ndipo nthawi zina komiti imaika mfundo yoletsa mwini wakaleyo kutenga mbali pa malondawo.

Kuyerekeza ndi Zambia

Ku Zambia nako, lamulo la Liquor Licensing Act la 2011 linaika nchito ya malaisensi a mowa m'manja mwa makhonsolo, ndipo limaletsa kugulitsa mowa kwa ana osakwanitsa zaka 18. Mu Epulo 2012, nduna yoona za maboma ang'onoang'ono ya nthawiyo, Pulofesa Nkandu Luo, inaletsa mowa waukali wa m'timapaketi wochedwa tujilijili, makamaka cifukwa ca mmene unafikira m'manja mwa ana a sukulu. Nkhawa ndi imodzi m'maiko onsewa, ngakhale kuti malamulo ndi ndondomeko zake n'zosiyana.

Kwa anthu a ku Zambia ndi Malawi amene amakhala ku England ndi Wales, kaya ndi eni masitolo, ogwira nchito pa kauntala kapena okhala pafupi ndi sitolo yovuta, lamulo la 2003 limawakhudza mofanana ndi wina aliyense. Khonsolo iliyonse imasunga kaundula wa malaisensi amene aliyense angaone, ndipo mapepala a misonkhano ya komiti amaikidwa pa intaneti. Wodandaula amafunika kulemba masiku, maola ndi zimene anaona. Mwini sitolo naye amadalira malisiti a katundu, mabuku oonetsa kuti anchito anaphunzitsidwa, makope a ziphaso za anchito ndi zithunzi za makamera. Pamaso pa makhansala atatu aja, zolembedwa zimenezi ndizo zimene nthawi zambiri zimasiyanitsa sitolo yopatsidwa mfundo zatsopano ndi sitolo yolandidwa laisensi.